Mphini za Padzanja Lolembera

"Iwe Namasiku, nifunsa iwe, osati chipupa. Bolopeni yako yofiira ija unapatsa ndani?"

Amayi Mbaita anaima pakhomo la chipinda chochezera, manja ali m'chiuno, chitenje chikununkhabe nsomba zouma zimene ankagulitsa ku msika wa Maramba. Mwana wawo woyamba, Namasiku, anali atakhala pasimenti ndi yunifolomu yake ya kusekondale, mutu uli pamawondo.

"Ninamubwereka Olipa, bo ma. Yake inatha inki. Anabweza tsiku lamene lija."

"Anabweza! Mwamumva, bo ndate? Bolopeni anabweza, eee. Nanga nzeru zamene zinali mkati anabweza?"

A Mukelabai, bambo ake a Namasiku, anali pampando ndi ovolosi yawo ya kunjanji, yamafuta akuda m'mawondo. Anali atangochokera kusukulu kumene anakamva zotsatira za mayeso oyeserera a Fomu 3, ndipo chifikireni sanapemphe ngakhale madzi akumwa. Mwana amene chiyambire sukulu sankadziwa nambala ina koma wani, ulendo uno anapezeka kumchira. Amene anakhala pamwamba anali Olipa, mwana wa nyumba yoyandikana nayo, mnzake wa Namasiku wa ponda apa nane ndipondepo.

"Za mabolopeni ni zanu azimayi," anatero bambowo. "Ine nifuna kumva chimodzi chabe. Aphunzitsi akamba kuti pepala la masamu unasiya loyera. Chifukwa chani?"

"Dzanja linakana, bo ndate."

"Dzanja?"

"Nikagwira bolopeni zala ziyamba kunjenjemera, kenaka ziuma. Nikayang'ana pa pepala malemba ayenda monga nyerere. M'mutu mutentha maningi. Nalema, bo ndate. Nifuna kugonako chabe."

A Mukelabai anaseka kuseka kopanda mano.

"Walema! Unyamula njanji iwe? Ine nilumikiza mabogi a sitima pa dzuwa tsiku lonse, zitsulo zotentha monga mbaula, unanimverapo kuti nalema? Madzi sutunga, ku mzere wa ufa suyenda, mbale sutsuka. Nchito yako ni kukhala pa mpando na buku. Mvera bwino. Mayeso enieni ni mwezi wa mawa. Ukalephera, malo obwereza kulibe, uziba wekha. Nikukweza basi ya ku Senanga, ukasinje mapira kwa atete ako, alongo anga aja, mpaka mwamuna akupeze."

Namasiku ankadziwa kuti izi sizinali zoopseza chabe. Masiku amenewo mayeso a Fomu 3 anali chipata chopapatiza: wodutsa ankapita Fomu 4, wotsala sukulu inkathera pomwepo. Iye ankafuna Fomu 4 kuposa mmene bambo ake ankaifunira, ndipo n'chimene chinkamuwawa koposa. Anafuna kuwauza zimenezi, koma anangolira.

Kunena zoona, a Mukelabai ankamukonda mwana wawo, koma chinali chikondi chofinya. Kuntchito anzawo anali atayamba kale kuwaitana kuti bambo a dokotala, iwo n'kumavomera monyadira. Ku Libuyu kuno, komboni ya mu Livingstone, analinso tcheyamani wa seksheni ya Chipani, munthu woimirira pamsonkhano n'kumalangiza makolo za maphunziro, chitsanzo chake nthawi zonse chili Namasiku. Choncho chaka cha mayeso chitafika anamuletsa netibolo, anamuchotsa m'kwaya, namuletsanso kukawerenga ndi Olipa patsinde pa mango paja ankafunsana mafunso uku akuseka. Akuti kuseka kumatulutsa nzeru.

M'malo mwake anamukonzera kachipinda kosungiramo katundu. Inali nthawi ya nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi, pamene kunali lamulo loti usiku kuwala kusaoneke panja kuopa ndege. Atcheyamani sakanakhala oyamba kuswa lamulo, ndiye anakhomerera mabulangete pawindo ndi misomali. Tangoganizani, kutentha kwa Okutobala wa ku Livingstone, chitseko chotseka, nyali ya palafini ikufuka utsi, mapazi ali m'beseni la madzi kuti tulo tisabwere, pambali kapu ya tiyi wakuda bii. Umo ndi mmene Namasiku ankakhala kuyambira poweruka mpaka bambo ake atakhutira. M'mawa ankadzuka maso ali psuu, zimene anawerenga zonse zitauluka.

Tsiku lotsatira mkangano uja, Namasiku ali m'kachipinda kake, anamva mawu a Bina Olipa, amayi a mnzake uja, kumpanda wa waya.

"Odi, bo ma Namasiku. Nabwera na mawu ang'ono. Olipa sakudya, alira chabe. Akuti mnzake samukambitsa."

"Alira chani? Si ndiye nambala wani manje? Avine."

"Awe, mwakamba moipa. Ana aba anakulira pamodzi. Mwana wa mnzako ni wako yemwe. Namasiku waonda, mwamuona makosi? Mulekeni abwere madzulo akhaleko pa mango na mnzake, apumeko mphepo. Fupa lokakamiza limaswa mphika."

"Mphika wanga mwaswa kale imwe!" Amayi Mbaita anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. "Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zaka zonsezi mwana wanu anali kumbuyo. Abwereka bolopeni tsiku limodzi, mawa lake dzanja la mwana wanga lauma, wanu wakwera. Muganiza tilibe maso?"

"Mawe! Munitcha mfiti ine? Ine amene ninakugwirani mwendo pobala mwana wamene uyu?"

"Sininatchule dzina. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Namasiku anatseka makutu ndi manja onse awiri. Ankadziwa bwino chimene chinamukweza Olipa. Mnzakeyo ankawerenga akaweruka, dzuwa likapepa n'kukaponya mpira, kukada n'kugona. Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Namasiku yemweyo ali Fomu 1. Koma akanauza ndani? M'nyumba muja aliyense anali ndi pakamwa, wamakutu munalibe.

Sabata yotsatira kunabwera mlendo wamkulu wa Chipani kudzaona mathithi. Monga mwa nthawi zonse, ana a sukulu anawatulutsa m'makalasi, a mayeso omwe, nakawandandalika m'mbali mwa msewu wochokera kubwalo la ndege, aliyense ndi kambendera ka pepala. Anaima kuyambira m'mawa, mlendo osaoneka. Dzuwa litafika paliwombo, phula likunyezimira, Namasiku anatulutsa kabuku ka sayansi m'thumba kuti nthawi isapite pachabe. Anaona malemba akusefukira m'mphepete mwa tsamba, nyimbo za anzake zikumveka kutali ngati ali pansi pa madzi. Kenako kunada.

Anatsitsimuka ali pamthunzi, Olipa akumupepesera mphepo ndi kambendera kaja. Amayi Mudenda, aphunzitsi awo a masamu, anamuperekeza mpaka kunyumba, ndipo anadikira a Mukelabai amene anali kutsogolo kwa gulu la Chipani.

"Ba tcheyamani, nikambe mosabisa," anatero aphunzitsiwo. "Mwana uyu si wodwala, si wopusa. Masamu aziba kupambana onse amene ninaphunzitsapo. Chamuvuta ni tulo na mantha. Mutu uli monga munda, ufuna kugonera. Masabata atsala aba, muchotseni m'kachipinda kaja. Awerenge pang'ono, ayendeko, aseke na anzake, agone. Azapasa, nikulonjezani."

"Ba tichala, imwe muli na ana?"

"Nilibe."

"Ndiye phunzitsani masamu, za kulera musiyire ise. Mufuna mwana wanga agone pamene ana a ena awerenga? Kapena mwapangana na a nyumba iyo?"

"Ng'oma yolira bwino siichedwa kung'ambika, ba tcheyamani."

"Zikomo, mwafika. Njira ni yamene munabwerera."

Amayi Mudenda atachoka, amayi Mbaita anagwada pafupi ndi amuna awo. Ulendo uno sanakuwe. Analankhula motsitsa, misozi ili m'maso, pakuti nawonso mantha anali atawadya.

"Bo ndate, lero wagwa pa msewu, mawa azagwa pa njanji. Tizaika maliro tili kuyang'ana. Tiyeni kwa ba Kalaluka, ng'anga ija."

A Mukelabai anali munthu wa tchalitchi, ndipo pamisonkhano ankadzudzula zamaula. Koma anakumbukira anzawo akuntchito, nakumbukira mawu aja oti bambo a dokotala. Anayang'ana kukhomo ngati pali amene akumva.

"Tipite m'mamawa, anthu asanayambe kuyenda," anatero.

A Kalaluka ankakhala kumapeto kwa Libuyu, kumene nyumba zimathera n'kuyamba tchire la mitsanya. Anali nkhalamba yaulemu, yolankhula pang'onopang'ono. Anamvetsera nkhani yonse ya bolopeni kuchokera kwa amayi Mbaita, akugwedeza mutu, kenako anabwereza nkhani yomweyo ngati aitulukira okha m'nsupa. Makolowo anayang'anana modabwa.

"Nzeru zinatulukira pa dzanja, zizabwerera pa dzanja," anatero a Kalaluka. "Bweretsa lamene ulembera."

"Bo ma, awe," Namasiku anabisa dzanja kumbuyo. "Osati ili. Atemere kwina kulikonse, pa msana, pa mutu. Ili nilembera mayeso."

"Ndiye chifukwa chake, mwanangu. Limba mtima," anatero amayi ake.

Bambo ake ndi amene anamugwira mkono. A Kalaluka anatulutsa lezala m'kachitini ka fodya, lezala lakuda m'mphepete loti latema anthu osawerengeka. Anatema mphini pakati pa zala, pamfundo za chala chachikulu ndi cholozera, ndi kuzungulira polumikizira dzanja. Anapaka mankhwala akuda osakaniza ndi mafuta, namanga dzanjalo ndi kansalu.

"Malamulo ni awiri. Dzanja ili lisakhudze madzi, lisamasulidwe, a chipatala asalione, mpaka mayeso atathe. Lachiwiri, mwana asagwire buku sabata yathunthu. Agone, adye, akhale pa mphepo. Nzeru zikamabwerera sizifuna phokoso la mabuku."

Ha, anthu ife! Mawu omwe aja ananena aphunzitsi n'kupirikitsidwa, atatuluka m'kamwa mwa a Kalaluka anasanduka lamulo. Tsiku lomwelo a Mukelabai anazula misomali pawindo, natsekera mabuku m'sutikesi. Namasiku anagona ngati mwana wakhanda. Anagona usana, anagona usiku, akadzuka n'kudya, n'kukakhala pakhonde kumaonerera ana akusewera. Pakutha pa sabatayo moto wa m'mutu uja unazima. Atatsekula buku, malemba anakhala phee pamalo pake. Masamu amene ankamuzunguza anayamba kumasuka okha, moti anaseka yekha kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri.

"Mwaona?" amayi Mbaita anauza amuna awo akumwetulira. "Ba Kalaluka si masewera."

Koma dzanja linali ndi nkhani yake. Linayamba ndi kuyabwa, kenako kugunda ngati muli mtima wachiwiri. Kansalu kaja kanayamba kuthina, kakuda ndi thukuta la Novembala, ndipo ntchentche zinayamba kumutsatira.

"Bo ma, dzanja latupa. Tiyeni ku kiliniki, napapata."

"Ni zoipa zija zituluka. Ukamasula, zonse zibwerera kwa Olipa."

"Linunkha, bo ma. Nunkhizani."

Amayi Mbaita ananunkhiza, nkhope inasintha. Madzulo anawauza amuna awo mwamantha kuti mwina akangowaonetsa anamwino, osamasula kwambiri.

"Kuti akaone mphini?" anatero a Mukelabai. "Anamwino aja theka ni a seksheni yanga. Mawa Libuyu yonse izaziba kuti tcheyamani ayenda kwa ng'anga. Mutu wachira, si mwaona mweka? Dzanja nalo lizachira. Alimbe, masiku atsala ang'ono."

Namasiku anamva zonsezi ali kuseri kwa chitseko. Anaganiza zothawira ku kiliniki yekha, koma mantha ena anamugwira. Nanga bwanji ngati n'zoona? Nanga atamasula, malemba n'kuyambanso kuyenda? Mutu unali utachiradi, ndipo iye sanathenso kusiyanitsa chimene chinauchiritsa. Anasankha kupirira. Ankawerenga dzanja ataliimika m'mwamba, akuluma mlomo.

M'mawa wa tsiku loyamba la mayeso analephera kumanga mabatani a bulauzi. Amayi ake anamumangira, osamuyang'ana kumaso. Bambo ake anamupatsa bolopeni yatsopano yabuluu, yoti sinagwiridwepo ndi munthu wina, namuperekeza mpaka pageti la sukulu atavala jekete la misonkhano.

Pakhomo la holo anakumana ndi Olipa. Chichitikireni mkangano wa kumpanda uja anali asanalankhulane.

"Namasiku, thupi lako lili moto. Dzanja ili n'chani?"

"Usanigwire, bo ndate ayang'ana." Kenako ananong'ona, "Sininakhulupirire za bolopeni zija, Olipa. Olo tsiku limodzi."

"Niziba. Tiye tikalembe, tikakumane ku Fomu 4."

Pepala loyamba linali la masamu. Atalitembenuza, Namasiku anamva mtima ukudumpha ndi chimwemwe. Funso loyamba ankalidziwa. Lachiwiri analiphunzira ndi Olipa patsinde pa mango. Anawerenga mpaka kumapeto, ndipo panalibe ngakhale limodzi lomuopsa. Malemba anali chilili, akuda bwino, akumudikira.

Anatola bolopeni. Zala zinali zitatupa ngati mbatata, chala chachikulu ndi cholozera osatheka kukumana. Bolopeni inagwa. Anaitola ndi dzanja lamanzere, naisomeka pakati pa nsalu ndi chala, nakanikiza. Ululu unathamanga mpaka kukhwapa, m'maso munachita nyenyezi. Anayesa kulemba ndi lamanzere. Nambala imodzi inadzaza mizere itatu, yokhotakhota ngati ya mwana wa Giredi 1, ndipo pofika pakati pa funso loyamba anzake anali akutembenuza tsamba. Anabwerera kudzanja lamanja. Anakanikiza ndi mphamvu zake zonse, china chake chinaphulika mkati mwa nsalu, mafinya osakanikirana ndi magazi nayenderera papepala la mayankho.

Mtsikana wa desiki yoyandikana anatseka mphuno naimika mkono. Woyang'anira mayeso anaitana amayi Mudenda amene anali panja.

"Nisiyeni nilembe, ba tichala! Niziba zonse! Napapata, nisiyeni!"

Amayi Mudenda anakweza mkono wa bulauzi naona mzere wofiira utakwera kudutsa pachigongono. Sanafunsenso kanthu. Anamunyamula mothandizana ndi mlonda, Namasiku akukuwa, akukakamira mwendo wa desiki ndi dzanja lamanzere. Pageti a Mukelabai anali akadaima pomwe paja, akuuza bambo wina za sukulu ya udokotala.

Kuchipatala madokotala anapulumutsa mkono, koma chala cholozera anachidula, ndipo chachikulu chinatsala chouma. Malungo a bala anamugwira masiku ambiri. Mmene ankatsitsimuka bwinobwino n'kuti mayeso atatha, anzake atabweza mabuku.

Tsiku limenelo masana, nthawi yoona odwala, anapeza amayi ake atakhala pansi pafupi ndi bedi, maso atatupa. Pambali pawo panali Bina Olipa ndi kabasiketi ka chakudya. Ndi iwo amene ankaphika masiku onsewo, ndipo panalibe amene anatchulapo za bolopeni. A Mukelabai anaima kumiyendo kwa bedi ndi ovolosi yawo, chipewa chili m'manja. Anali atapita kusukulu, ku ofesi ya maphunziro, ngakhale kwa akuluakulu a Chipani, konse yankho linali limodzi: amene sanalembe sanalembe.

"Mwanangu," anayamba. "Ine ninafuna chabe kuti iwe... Pepa, Namasiku."

Pepani sapoletsa chilonda, koma Namasiku sanawayankhe choncho. Anawayang'ana ndi maso ouma, opanda mkwiyo.

"Bo ndate, funso loyamba linali la sitima ziwiri, ina ichoka ku Livingstone, ina ku Choma. Anafunsa kuti zizakumana patapita nthawi bwanji. Uphatikiza liwiro la zonse ziwiri, ugawa mtunda. Yankho ni maola awiri."

"Pumula, mwanangu."

"Lachiwiri linali la makona a thirayango. Lija n'losavuta, ninamuphunzitsa Olipa pa mango."

"Namasiku, napapata, leka."

"Munati nisasiye pepala loyera, bo ndate. Mverani. Lachitatu..."

Amayi Mbaita anadziphimba kumutu ndi chitenje nayamba kulira mokweza, odwala a mabedi ena n'kutembenuka. A Mukelabai anakhala pansi pasimenti, pamaso pa anamwino a seksheni yawo, chipewa chitagwera uko. Namasiku anapitiriza, funso ndi funso, mawu ali phee, dzanja lomangidwa mabandeji lili pachifuwa, mpaka anafika pa lomaliza. Sanalakwitse ngakhale limodzi.